Ubongo ukaukiridwa ndi chitetezo cha m'thupi: zimene zithunzi zimasonyeza munthu akupuma osachita kanthu

Mtsikana amene mwezi watha anali bwinobwino amayamba kusowa tulo, kulankhula zosamveka ndi kuona zinthu zomwe palibe, kenako amakomoka ndipo milomo yake imagwedezeka yokha. Akamujambula ndi makina a MRI, kawirikawiri chithunzi chimaonetsa ubongo wopanda bala lililonse. Umu ndi mmene amaonekera nthawi zambiri matenda otupitsa ubongo amene dokotala Josep Dalmau ndi anzake anawafotokoza mu 2007 ku yunivesite ya Pennsylvania. Pa matendawa, asilikali a m'thupi amaukira timalo tolandirira uthenga pa maselo a ubongo, totchedwa NMDA. Ambiri mwa odwala ndi akazi achichepere, ndipo mwa ena gwero lake limakhala chotupa cha m'chiwalo chopangira mazira.

Chimene chimachititsa kuti chithunzi chioneke chabwino n'chakuti asilikaliwa sapha maselo poyamba. Amamatirira pa timalo tolandirira uthenga tija, ndipo selo limatimezera mkati mwake, kotero kuti maselo amakhalapo onse koma sakumvana. MRI wamba amaona maonekedwe a ubongo, osati kulankhulana kwa zigawo zake, n'chifukwa chake pafupifupi theka la odwala kapena kuposerapo amakhala ndi chithunzi chopanda vuto.

Apa ndi pamene njira yojambula ubongo munthu akupuma imathandiza. Wodwala amagona m'makina kwa mphindi zingapo osapatsidwa ntchito iliyonse, ndipo makinawo amayeza mmene mpweya wa m'magazi ukukwerera ndi kutsika m'zigawo zosiyanasiyana. Wofufuza wina dzina lake Bharat Biswal anasonyeza mu 1995 kuti zigawo zogwirira ntchito limodzi zimakwera ndi kutsika nthawi imodzi ngakhale munthu atangogona chete, ndipo mu 2001 wofufuza winanso, Marcus Raichle, anafotokoza gulu la zigawo zimene zimatanganidwa kwambiri munthu akamangolingalira za mumtima mwake kapena kukumbukira zakale.

Mu 2013, Carsten Finke ndi anzake a ku chipatala cha Charité mumzinda wa Berlin anapeza kuti mwa odwala matendawa, mgwirizano wa pakati pa hippocampus, chigawo chosunga zinthu zatsopano m'chikumbumtima, ndi mbali ya kutsogolo ya gulu lija unali wofooka. Amene mgwirizano wawo unafooka kwambiri ndi amenenso ankalephera kwambiri mayeso a kukumbukira. Zimenezi ndimaziona kuti n'zofunika kwa wodwala amene watuluka m'chipatala akuyenda ndi kulankhula bwino, koma akawerenga tsamba limodzi amaiwala chiyambi chake asanafike kumapeto. Achibale amayamba kumuyesa waulesi, pamene ubongo wake ukadali kulumikizanso njira zimene zinasokonezeka. Makina a PET, amene amayeza mmene ubongo ukugwiritsira ntchito shuga, amaonetsanso kuti matenda akafika povuta mbali ya kumbuyo yoonera imafooka pamene ya kutsogolo imatha kugwira ntchito mopyola muyeso, ndipo zimenezi zimabwerera mwakale wodwala akamachira.

Komabe, zotsatira za zithunzi za munthu akupuma zimachokera poyerekeza magulu a odwala ndi magulu a anthu athanzi, ndipo sizikwanira kugamula za munthu mmodzi. Mankhwala ogonetsa, mankhwala oletsa kukomoka ndiponso kugwedeza mutu pang'ono pokha zimasintha miyeso. Dokotala amatsimikiza matendawa pofufuza asilikali aja m'madzi a mumsana, mothandizidwa ndi EEG yoyeza magetsi a ubongo, ndipo sayenera kuchedwetsa chithandizo chifukwa choti MRI yaoneka bwino. Chithandizocho ndi mankhwala ochepetsa ukali wa chitetezo, kusefa magazi, ndi kuchotsa chotupa ngati chilipo. Pa kafukufuku wa odwala 577 amene anafalitsidwa mu 2013, pafupifupi anthu 8 mwa 10 aliwonse anali atachira bwino patatha zaka ziwiri, ndipo amene anayamba kulandira mankhwala msanga ndi amene anachira bwino koposa.