Chipewa chosamanga lamba sichiteteza mutu

Ntchito yanga ndi yolumikiza mafupa. Ndikalowa m'wodi m'mawa n'kupeza mnyamata mwendo uli m'mwamba atamangiriridwa zitsulo, ndisanafunse n'komwe ndimadziwa kuti ndimva nkhani ya njinga yamoto. Kabaza sindidana naye. Nanenso ndimakwera, ndipo ndikudziwa kuti njinga zimenezi zikudyetsa mabanja ndi kufikitsa amayi oyembekezera kuchipatala kuchokera kumadera komwe minibasi siyerekeza kupondako. Chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti zambiri zomwe ndimaona zikanapeweka ndi kachingwe kamodzi ka pachibwano.

Mwendo wothyoka timaukonza. Timaika chikhakha kapena chitsulo, ndipo pakatha miyezi ingapo munthu amayendanso. Ubongo ndi nkhani ina. Ndi wofewa ngati peyala lakupsa, ndipo umayandama m'madzi mkati mwa chigaza. Mutu ukamenya phula, chigaza chimaima pomwepo koma ubongo umapitirirabe mpaka kukaomba fupa mkatimo. Misempha ikaduka mmenemo palibe chikhakha choikapo. Ena amadzuka koma osakumbukira mayina a ana awo, ena amasanduka aukali, ena amayamba kugwa khunyu.

Chipewa chenicheni cha njinga yamoto chili ndi mbali ziwiri zofunika. Kunja kuli chigoba cholimba chotchinga zobaya ndi kumwaza mphamvu ya kugundako. Mkati muli chinthu choyera, chopepuka, chofanana ndi chija amatchinjirizira wailesi yakanema yatsopano m'katoni. Chimenechi ndiye mwini ntchito. Chimaphwanyika pang'onopang'ono kuti mutu usaime mwadzidzidzi, ndipo chikaphwanyika kamodzi sichibwereranso. N'chifukwa chake chipewa chomwe chinachitapo ngozi n'choyenera kutaya ngakhale kunja chikuwala, ndipo cha pakaunjika chomwe simudziwa mbiri yake musachikhulupirire. Zipewa za amisiri omanga nyumba zomwe ndimaona anyamata ena atavala pamsewu anazipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, mulibe choyera chija. Pogula, yang'anani kansalu kosokerera pa lamba kokhala ndi chilembo E mkati mwa kabwalo. Ndi chizindikiro cha muyezo wa chitetezo cha zipewa wotchedwa ECE 22.05 kapena watsopano wa 22.06, ngakhale achinyengo amakoperanso, choncho kandani ndi chala mkatimo mumve ngati choyeracho chilimo chochindikala. Chipewa chophimba nkhope yonse mpaka chibwano chimaposa chongokhala pamwamba, chifukwa ambiri amafikira pansi ndi nsagwada.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse. Bungwe lomweli limati chipewa chovalidwa bwino chimachepetsa chiopsezo cha kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 pa 100 iliyonse. Mawu oti chovalidwa bwino ndi amene ambiri amawadumpha.

Usiku wina anabwera ndi mnyamata ali chikomokere, magazi akutuluka m'khutu. Mkulu wake anali atanyamula chipewa m'manja, chatsopano, chopanda ndi kukalika komwe. "Adokotala, chipewatu anavala, si ichi?" Ndinachitembenuza. Lamba anali atamupinda bwinobwino n'kumulowetsa mkati kuti asamamusokoneze. Njinga itagunda mbuzi, chipewa chinauluka payekha kukagwera mu udzu, mutu n'kupita wokha pa phula. Ndinasowa chomuyankha mkuluyo.

Mangani lamba mpaka pakati pa lambayo ndi chibwano pangolowa zala ziwiri. Kenaka gwirani chipewa kumbuyo muyese kuchivula chopita kutsogolo. Chikavuka, kapena chikamazungulira mukapukusa mutu, n'chachikulu, si chanu.

Okwera nawonso ali ndi zifukwa zawo: tsitsi langopangidwa kumene, thukuta la anthu ena, mantha a nsabwe ndi zipere. Madandaulo amenewa ndi omveka. Mangani duku kapena valani kachipewa kopyapyala mkati. Ngati mumakwera kabaza tsiku ndi tsiku popita kuntchito, gulani chanu muziyenda nacho. Ndipo mwana asamakhale pathanki kutsogolo, pakuti pangozi iyeyo ndiye amayamba kufika pomwe njinga yagunda.

Za liwiro anthu amazipeputsa chifukwa makilomita 50 pa ola samveka ambiri. Pa liwiro limeneli mumadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndipo kugunda chinthu choima kuli ngati kugwa kuchokera pamtunda wa mamita 10, pamwamba pa nyumba yosanja katatu. Liwiro mukaliwirikiza kawiri, mtunda woti njinga iime umawirikiza kanayi. Mphamvu yaikulu yoimitsira njinga ili pa buleki yakutsogolo, koma ambiri amaiopa n'kumangoponda yakumbuyo mpaka tayala kukhukhuluzika. Gwirani zonse ziwiri, yakutsogoloyo mofinya pang'onopang'ono, ndipo chepetsani liwiro musanalowe pakona, osati muli kale pakatikati. Mchenga wa pakona ndi mvula yoyamba, yomwe imadzutsa mafuta ouma pa phula, zagwetsa ngakhale akatswiri.

Palinso njinga zakapalasa zomwe anthu amaziika kainjini kapena batire. Injini imawonjezera liwiro, koma mabuleki amakhala omwe aja a timphira tofinya limu, opangidwira munthu wopalasa ndi miyendo, ndipo akanyowa sagwira msanga. Kunjenjemera kwa injini kumamasula mabawuti ndi kudula masipoko. Mwini njinga yotere aziyendera zonsezi ndi sipanala m'mawa uliwonse, ndipo chipewa chake chikhale cha njinga yamoto.

Mapazi ndi manja ndizitchula mwachidule. Patapata amavuka pa sekondi yoyamba, ndipo zala zomwe zalowa mu tcheni nthawi zambiri sitizipulumutsa. Valani nsapato yotseka yofika m'kakolo, magolovesi, thalauzi lolimba ndi jekete ya manja aatali. Amayi, chitenje ndi mpango zikulungeni bwino zisalendewere pafupi ndi tayala, ndipo potsika samalani ekizozi, imene yasiya zipsera pa akatumba ambiri.

Woyendetsa galimoto akagunda njinga, mawu ake amakhala amodzimodzi: sindinamuone. Yatsani nyali ngakhale masana, valani jekete yonyezimira. Mukakhala pafupi ndi lole ndipo nkhope ya dalaivala simukuiona pagalasi lake, iyenso sakukuonani. Popeza kuno timayenda kumanzere, kampata ka pakati pa lole ndi mphepete mwa msewu kamakopa, koma lole ikamakhotera kumanzere matayala ake akumbuyo amadula kona n'kudutsa pomwe mwaimapo.

Mukapeza munthu wagwa, musathamangire kumuvula chipewa pokhapokha ngati akulephera kupuma kapena akusanza, chifukwa khosi likhoza kukhala lothyoka. Musamunyamule wina miyendo wina manja. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ena amugoneke pa thabwa kapena chitseko, ndipo musamumwetse madzi. Amene wamenyetsa mutu n'kudzuka akuseka asakuputsitseni. Magazi amatha kumadontha mkati mwa chigaza kwa maola angapo munthu akulankhula bwinobwino. Akayamba kumva mutu wosasiya, kusanza, kusinza kosadzutsika, kusokonezeka, kufooka mbali imodzi, kapena kutuluka madzi kapena magazi m'khutu ndi m'mphuno, musadikire kuti kuche. Bwerani naye usiku womwewo.