Musandiuzenso za free pa Khwekhwerere

Sabata siitha ndisanamve munthu akundiuza pa galaja pano kuti, "Amakanika, ine mafuta ndimadziwa kuwasamala. Ndikangoona mtsetse ndimayiika pa free." Amanena akumwetulira, kudikira kuti ndimuyamikire. Ena amafika pozimitsiratu injini, galimoto n'kumatsika ili zii ngati ngolo. Ndakonza magalimoto kuno ku Dedza zaka zoposa 20, ndipo nkhani imeneyi yandikwana.

Vitz, Passo, Mira, Fit, March, Demio, Sienta, tigalimoto tonse tadzaza m'misewu yathu iti tilibe kabureta. Mafuta amapopedwa ndi ma injekita, ndipo wolamula ma injekitawo ndi kompyuta. Mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, matayala ndi amene amazunguza injini. Kompyuta ikaona zimenezo imatseka ma injekita, mafuta osalowa ngakhale dontho, mpaka singano ya rev itatsika kufupi ndi pamene imakhala galimoto ikaima. Mukayiika pa free mwalekanitsa matayala ndi injini, ndiye injiniyo iyenera kudzizunguza yokha kuti isazime, ndipo imadzizunguza ndi petulo wanu yemweyo. Pa mtsetse weniweni, amene ali m'giya sakumwa kanthu. Amene ali pa free ndi amene akumwa.

Sindikunyoza madala amene anayambitsa zimenezi. Nthawi ya Datsun 120Y ndi Peugeot 504 kabureta inkayamwabe mafuta ngakhale phazi lili pambali, choncho free inali ndi kanzeru kake, ngakhale kuti kuopsa kwake kunalipo kalelo. Nzeruyo inakwera minibasi, makondakitala anaitola kwa madalaivala awo, iwonso atagwira chiwongolero anaipatsira ena, mpaka lero yafika kwa aphunzitsi amene angogula kumene Passo ya CVT, mtundu wina wa giyabokosi ya automatic.

Wina anditsutsa kuti pa katsetse kofatsa free imapititsa galimoto patali kuposa giya. Sindikana. Koma tiwerengere pamodzi. Injini ya 1,000cc ikamangolira pamalo amodzi imamwa pafupifupi theka la lita pa ola. Zimene tikulimbiranazi, kaya mwapindula kaya mwaluza, kawirikawiri ndi mafuta osadzaza botolo la Fanta paulendo wonse wochoka pa Dedza boma kukafika pa Ntcheu boma. Mtengo wa botolo limenelo ndinauona ndi maso anga.

Panali mnyamata wina, mwana wa m'mudzi mwathu momwemo, amene ndinamuona akusewera mpira wachikulunga. Anapita ku Johannesburg, anagwira ntchito zaka zingapo, anabwera ndi ndalama n'kugula Passo yoyera. Ankayikonda galimoto imeneyo, ankayitsuka ngakhale kunja kuli chiperoni. Tsiku lina anabwera nayo kudzasinthitsa oyilo. Nditatsegula boneti ndinaona kuti mafuta a mabuleki ada bii ngati tiyi wogona. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, awa tichotse lero lomwe." Anandiyankha kuti, "Bambo, mwezi ukatha." Ine ndinangoti chabwino, n'kutseka boneti. Liwu limodzi lija, chabwino, limandibwererabe usiku.

Mwezi usanathe kunagwa maliro ku Golomoti. Ananyamula anthu akuluakulu anayi, thumba la ufa ndi la kachewere kumbuyo, n'kukhotera pa Masasa kutsika Khwekhwerere. Amene munadutsapo mukudziwa kuti msewu umenewo ndi wokongola komanso wopanda chifundo: makona otsatizana, phiri mbali ino, phompho mbali inayo, ndipo mumatsika mamita pafupifupi 1,000 kuchoka pamwamba kukafika ku chigwa cha kunyanja. Iye anayiika pa N, ndiye free ija, monga anaphunzirira kwa anzake. Kulemera konse kwa galimoto, anthu ndi katundu kunatsamira pa mabuleki okha, kona ndi kona, osapuma.

Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka kupitirira madigiri 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 140. Akawira amapanga nthunzi m'mapaipi, ndipo nthunzi imafinyika. Mukaponda, phazi limangolowa mpaka pansi ngati mwaponda nthochi yakupsa. Ndi zimene zinamuchitikira. Anayesa kubwezera pa D, koma D yokha pa CVT sigwira galimoto mwamphamvu, ndipo za B, giya yogwira galimoto pa mtsetse, sanaganizeko chifukwa chigulireni galimotoyo anali asanayigwiritsepo ntchito. Mwamwayi mutu unagwira, anakhuzitsa galimoto ku khoma la phiri m'malo molimbana ndi kona yotsatira. Palibe anamwalira. Koma azakhali ake, amene anakhala kutsogolo, anathyoka m'chiuno, ndipo mpaka lero amayendera ndodo. Ndimakumana nawo mumsika, amandipatsa moni wabwinobwino, kundifunsa za ana ndi zidzukulu. Sadziwa kuti mafuta aja ndinawaona ine.

Ndiye munthu akabwera kudzanditamandira free, musadabwe nkhope yanga ikasintha. Chilembo cha B, S kapena L chimene chili pa giya yanu sanachilembere kukongoletsa. Pa mtsetse wautali ikani pamenepo, pa manual tsikirani giya 3 kapena 2, injini ilire, igwire galimoto, mabuleki muziwaponda mwamphamvu pang'ono n'kuwasiya kuti azizire. Kulira kumeneko si kumwa mafuta, ndanena kale. Za ozimitsa injini ndingonena mwachidule: mukaponda kawiri kapena katatu servo, imene imathandiza phazi kuponda buleki, imatha mphamvu, buleki n'kuuma ngati mwala, chiwongolero cha magetsi chimalemera, ndipo mukapotokola kiyi mopitirira chimatha kudzikhoma mukuyenda.

Tsono anthu ena akamva zonsezi amaganiza kuti kusamala mafuta ndi kuyendetsa ngati mwanyamula maliro. Ayi ndithu. Kagalimoto kakang'ono kali ndi kukoma kwake, ndipo ambiri amene ali nako sanakulawepo. Vitz ya 1,000cc, ya masilinda atatu ija, ili ndi mphamvu za akavalo pafupifupi 70. Mira ndi Alto ndi 660cc, zinapangidwira misewu ya m'matauni a ku Japan, ndipo sizifika ngakhale tani imodzi kulemera kwake. Onjezerani apo kuti Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, kumene mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 alionse a mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene mwakwera. Akavalo 70 aja akafika kuno atsala pafupifupi 60. N'chifukwa chake galimoto imene inkauluka ku Salima imaoneka yaulesi pa Bembeke. Sinadwale, musalole munthu akuimasulireni injini chifukwa cha zimenezo.

Galimoto yotere simuyendetsa ndi phazi, mumayendetsa ndi maso. Mumaona chitunda chili patali n'kuyamba kutola liwiro mukadali pansi. Mumaona thiraki ikukwawa kutsogolo n'kuchotsa phazi msanga, kuti mukayipeze mpata wodutsa utatseguka, osati kuyithamangira n'kukaponda buleki pa matako ake. Buleki iliyonse imene mwaponda popanda chifukwa ndi petulo amene munalipira kale, mwangomusandutsa kutentha. Mukazolowera zimenezi, msewu wochoka pa Lizulu kudutsa Mlangeni mpaka Biriwiri umakhala ngati gule, galimoto kumangoyenderera m'makona osagwedezeka, ndipo singano ya mafuta simuiona ikuyenda. Ine pa Lamulungu masana ndimatha kungoutenga msewu umenewo popanda kopita kwenikweni, pobwera n'kugula tomato kuti mayi a kunyumba asafunse zambiri.

Ndipo musaope rev. Cholakwa china chimene ndimachiona kwa a manual ndi kukakamira giya 5 pa chitunda poganiza kuti giya yaikulu ndiyo yosamwa. Phazi lili pansi, galimoto ikunjenjemera, injini ikugogoda ngati misomali m'chitini, iwo ali phee kuti akusunga mafuta. Mukupha ma bearing. Tiinjini iti timapeza mphamvu zake cha pa rev 3,500 mpaka 4,000, ndipo kukwera chitunda singano ili pamenepo si kuzunza galimoto. Tsikirani giya 3, mumve mmene ikupepukira. Mukafika pamwamba bwererani ku giya yaikulu.

Chimene chimamwadi mafuta ndi liwiro la pamalo osalala. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo pa 110 ndi pafupifupi kawiri ya pa 80. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo papepala wothamanga 110 amafika mphindi 17 patsogolo pa wa 80. Ndati papepala. Ikanipo Nathenje, Kamphata, Chimbiya, Linthipe, njinga za kabaza, mbuzi ndi apolisi a pamsewu, muona kuti mumakapezana naye pa roadblock, iye thanki itatsika kuposa yanu. Kenako pamabwera katundu. Matumba anayi a kachewere a makilogalamu 50 ndi anthu asanu mu Mira, mwayiwonjezera theka la kulemera kwake kapena kuposa, ndiye musabwere kudzandifunsa chifukwa chake ikumwa ngati Hilux. Za mpweya wa m'matayala sinditayapo nthawi, nambala yake inalembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala.

Koma amene amandipsetsa mtima kwambiri ndi asing'anga a magalimoto. Mafuta akangokwera mtengo kapena akasowa, amatuluka ngati ngumbi. Wina akugulitsa kabokosi ka nyali yobiriwira kolumikiza pa choyatsira fodya, ati kamachepetsa kumwa ndi theka. Ndinatsegulapo kamodzi, m'kati munali nyaliyo ndi tiwaya tiwiri basi. Wina maginito womangirira pa paipi ya petulo, ngati petulo ndi chitsulo. Wina mapiritsi oponya m'thanki. Akanakhala kuti zimagwira ntchito, Toyota ndi Daihatsu, amene amalimbirana kadontho kalikonse, akanaziikamo okha ku fakitale.

Amenewo amangokuberani ndalama. Oopsa ndi ogwira sipanala. Amakuuzani kuti thermostat, kachipangizo kosunga injini pa kutentha koyenera, ndi ya kumayiko ozizira, achotse. Ku Dedza! Kumene mu June ndi July madzi a m'ndowa amaluma zala m'mawa! Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake, pa mtsetse imaziziranso, ndipo kompyuta ikaona injini yozizira imathira mafuta ambiri. Mwalipira munthu kuti galimoto yanu izimwa kwambiri. Ena amakuuzani kuti catalytic converter, yoyeretsa utsi ya pa paipi ya ekizozi, ikutsamwitsa injini, ayigumule kuti galimoto ipume. Funsani kumene zogumulazo zimapita. M'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, ndipo ogula alipo. Inu mumatsala ndi utsi wonunkha ndi nyali ya check engine, imene munthu yemweyo amakuthandizani poichotsa babu kapena kuimata tepi yakuda. Mawa sensa ya oxygen ikafa, galimoto n'kuyamba kumwa mowirikiza, ikuuzani ndani?

Oyilo nayenso. Injini zimene buku lake limati 0W-20 kapena 5W-30 amazithira 20W-50, wolimba ngati uchi, ati ndiye woteteza. M'mawa wa kuno oyilo wotereyo amachedwa kufika pamwamba pa injini, ndipo tsiku lonse injini imavutika kumukankha. Mu giyabokosi ya CVT amathiramo ATF wamba chifukwa onse ndi mafuta a giya. Miyezi ingapo lamba wachitsulo wa m'kati amayamba kuterereka, ndipo mtengo wa giyabokosi ina umaposa mafuta onse amene munkafuna kupulumutsa chaka chonse. Petulo wa m'zigubu, amene amayalidwa m'mbali mwa msewu kufupi ndi malire a Mozambique mafuta akasowa, ndikudziwa kuti nthawi zina mulibe kuchitira mwina. Koma dziwani kuti wina amakhala ndi madzi, wina parafini, ndipo pampu ya m'thanki ndi ma injekita ndi amene amalipira. Galimoto ikayamba kudukiza mutathira wa m'chigubu, musadikire kuti izolowere.

Chichitikireni ngozi ija, galimoto iliyonse yolowa pano ndimayamba ndi kutsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki, ngakhale mwiniwake wabwerera babu ya indicator. Akadutsa zaka ziwiri kapena akada, ndimanena kawiri, kachitatu ndimakweza mawu. Lachisanu lapitali bambo wina wa Sienta anandiyankha kuti, "Achimwene, ine ndabwerera mapulagi, musandipangire bajeti." Ndinamuuza kuti ntchito yanga asalipire, agule botolo lokha. Anati adzabwera mwezi ukatha. Anadzaza anthu asanu ndi awiri pa depoti, ndipo ndinaima pa geti kumuyang'ana akulowera msewu wa ku Masasa.