Liwiro lotsika si umboni woti khadi ya zithunzi yawonongeka

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti pulogalamu ikaonetsa khadi ya zithunzi ya m'kompyuta (graphics card) ikuyenda pa liwiro lotsika ngati 300 MHz, ndiye kuti khadiyo yawonongeka kapena wogulitsa anakupusitsani. Zimenezi si zoona. Makhadi amakono amadzichepetsera okha liwiro pamene kompyuta siikugwira ntchito yolemera, kuti asamwe magetsi ambiri ndiponso asatenthe, koma masewera akangoyamba, ambiri mwa iwo amakwera kupitirira 1,500 MHz.

Mukhoza kudzionera nokha. Tsegulani GPU-Z, pulogalamu yoonetsa mmene khadi ya zithunzi ikuyendera, pa gawo la Sensors, yambitsani masewera, kenaka muyang'ane mzere wa GPU Clock, womwe umaonetsa liwiro la khadi, pamodzi ndi wa kutentha, popeza khadi ikatentha kwambiri imatsitsanso liwiro mwadala. Chonde musauze mnzanu kuti khadi yake yafa musanayese zimenezi.