Kumene kunachokera mkangano wa kupempherera omwalira

Pa siwa ya banja losakanikirana mipingo pamakhala kamphindi kena kovuta. Nyimbo mwaimbira limodzi usiku wonse, tiyi mwamwera limodzi. Koma amayi a mphakati akangotulutsa kolona, wotsogolera n'kuti “Ambuye, muwapatse mpumulo wosatha,” achibale a CCAP amangoti zii, maso pansi. Si mwano ayi. Iwo anaphunzitsidwa kuti munthu akatsikira kulichete mlandu wake uli m'manja mwa Mulungu, ndipo pemphero la otsala silingasinthe kanthu. Mkatolika naye anaphunzitsidwa kuti kuleka kupempherera mayi ako chifukwa choti amwalira ndi kuwataya. Kusiyana kumeneku sikunayambire kuno. Kunabwera ndi amishoni, m'mabaibulo awiri osiyana kunenepa.

Gwero lake ndi nkhani ya nkhondo yopezeka m'Buku Lachiwiri la Amakabeo, mutu 12. Zaka ngati 160 Yesu asanabadwe, Yudasi Makabeo, mtsogoleri wa nkhondo wa Ayuda, anapita ndi anthu ake kukatola mitembo ya asilikali ake amene anagwa pomenyana ndi Gorgias, mkulu wa nkhondo wa adani awo. Powanyamula, anapeza kuti m'kati mwa malaya a aliyense wa akufawo munali tizithumwa ta mafano a ku Jamnia, zinthu zoletsedwa kwa Myuda. Ife tikanati anakhwimira nkhondo. Yudasi sanawatukwane kapena kuwasiya pamtetete. Anasonkhetsa ndalama zasiliva 2,000 n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti akapereke nsembe yopepesera machimo awo. Wolemba bukulo akufotokoza kuti kupempherera akufa kukanakhala kupusa akanapanda kuyembekezera kuti adzauka.

Akhristu oyamba anapitiriza mwambowu popanda phokoso. Cha m'ma 211, Tertullian, mlembi wachikhristu wa ku Carthage, analemba kuti Akhristu amapereka nsembe chaka ndi chaka pa tsiku limene m'bale wawo anamwalira. Koma nkhani imene imandigwira mtima ine ndi ya Monica, mayi ake a Augustine Woyera. M'chaka cha 387 anadwala ali padoko la Ostia ku Italy, akudikira ulendo wobwerera kwawo ku Africa. Mwana wake wina anadandaula kuti mayi afera kuchilendo, dandaulo limene aliyense amene anasonkherapo ndalama zotengera thupi kuchokera ku Joni akulidziwa. Monica anawauza ana akewo kuti thupi aliike paliponse, asavutike nalo, chimene akupempha n'chimodzi chokha: azimukumbukira pa guwa la Ambuye kulikonse kumene angakhale. Anaikidwa ku Ostia komweko.

Tsiku la 2 Novembala, limene Akatolika amapempherera omwalira onse, linabwera mochedwa. Odilo, mkulu wa amonke a ku Cluny ku France kuyambira 994 mpaka 1049, analamula kuti m'nyumba zonse za chipani chake, tsiku lotsatana ndi chaka cha Oyera Onse lizikhala lopempherera akhristu onse omwalira. Sanali mapemphero okha, ankagawiranso amphawi chakudya m'dzina la akufawo. Poti nyumba za Cluny zinali mbwee ku Ulaya, mwambowo unafalikira mpaka Roma anaulandira. Mu 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikupulula anyamata, Papa Benedict XV analola wansembe aliyense kuchita Misa zitatu pa tsikuli.

Chimene chinaononga zinthu ndi ndalama. Pamene chiphunzitso cha Purigatorio chinakhazikika, chakuti pali anthu amene amafa ali paubwenzi ndi Mulungu koma akusowabe kuyeretsedwa, panapezeka ena amene anaonapo msika. Mu 1517 mlaliki Johann Tetzel ankayendayenda ku Germany kugulitsa makalata a indulujensi, ochotsera munthu chilango cha machimo, ndipo gawo la ndalamazo linkapita kukamangira tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma. Anthu ankauzidwa kuti khobidi likangolira m'bokosi, mzimu wa m'bale wawo watuluka m'Purigatorio. Tangoganizani mayi wamasiye wosauka akumva zimenezo mwamuna wake atangoikidwa kumene. Martin Luther anakwiya, ndipo pa mfundo imeneyi sindimuimba mlandu. Mfundo zake 95 zili ndi deti la 31 Okutobala 1517, kutatsala masiku awiri kuti lifike tsiku la omwalira.

Poyamba Luther ankalimbana ndi malondawo, osati pemphero lenilenilo. Koma pa mtsutso wa ku Leipzig mu 1519, Johann Eck, woimira Akatolika, atamutchulira Amakabeo ngati umboni wa Purigatorio, Luther anayankha kuti bukulo silili m'gulu la mabuku otsimikizira chiphunzitso, popeza m'Baibulo la Chihebri mulibe. Kuyambira pamenepo mkangano wa akufa unasanduka mkangano wa mabuku. M'Baibulo lake la 1534 anaika Amakabeo ndi anzake padera. Msonkhano wa maepiskopi a Katolika wa ku Trent unayankha mu 1546 kuti mabukuwo ndi Mawu a Mulungu ndithu, ndipo mu 1563 unatsimikiza za Purigatorio, koma unalamulanso maepiskopi kuletsa chilichonse chonunkha phindu kapena zamatsenga pa nkhaniyi. Malonda a indulujensi anathetsedwa mu 1567 ndi Papa Pius V. Madzi anali atatayika kale.

Otsatira a John Calvin anapitirira pamene Luther analekezera. Chivomerezo cha Westminster cha 1646, chimene mpingo wa ku Scotland unachilandira, chimanena mosapita m'mbali kuti akufa asapemphereredwe. Mu 1826 bungwe la British and Foreign Bible Society, pokakamizidwa kwambiri ndi a ku Scotland omwewo, linaleka kusindikiza mabuku otsutsidwawo. Tsono amishoni a ku Scotland amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876 ndi a Dutch Reformed amene anafika ku Mvera mu 1889 anabwera ndi Baibulo la mabuku 66, ndipo Buku Lopatulika la 1922 linatsata momwemo. A Montfort amene anafika ku Nzama mu 1901 ndi a White Fathers a ku Mua mu 1902 anabwera ndi la mabuku 73. Malembo Oyera, Baibulo lonse la Akatolika m'Chichewa, linatuluka mu 1966.

Makolo athu sankasowa wowauza kuti wakufa akadali wapabanja. Ankafulula mowa wa bona, ankatsira nsembe. Kusiyana kwake ndi kumene pemphero likulowera: nsembe ya makolo inkapita kwa mzimu kuti ugone, usavutitse ana, pamene Misa imapita kwa Mulungu kupemphera chifundo wakufayo. Ndiye chifukwa chake Novembala ikafika, Akatolika amanyamula makasu kukalambula kumanda, kulemba maina a abale awo n'kuwapereka kwa bambo mfumu, wansembe n'kuwaza manda ndi madzi odalitsidwa. Envelopu ya chopereka cha Misa ikaoneka, wachibale wa mpingo wina amafunsabe ngati kumeneko si kugula kumwamba. Lamulo la Eklezia limalimbikitsa wansembe kuti achite Misa ngakhale wopemphayo alibe chopereka, makamaka akakhala wosauka, koma Akatolika ambiri salidziwa lamulo limenelo.

Mu 1998 Akatolika ndi mipingo ina anatulutsa Buku Loyera, lomasuliridwa ndi mbali zonse ziwiri pamodzi. Linasindikizidwa mitundu iwiri, lina lokhala ndi Amakabeo, lina lopanda.