Timadzi tanuto ndi tomwe tikupha zojambula za ku Chongoni

Ntchito yanga ndi yosamala zinthu zakale, ndiye tikangofika kuphanga munthu foni ili m'manja, funso limakhala lomwelo: "Achimwene, osangowazako timadzi kuti ziwale tijambule?" Ayi ndithu, ndipo ndifotokoze.

Ku Chongoni, m'mapiri a ku Dedza kuja, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mukapita ku Chentcherere, Namzeze kapena Mphunzi muona mitundu iwiri. Zofiira, za mizeremizere ndi zozungulira, ndi za Akafula, alenje aja agogo ankawatcha Amwandionerapati. Zoyera ndi zathu Achewa, zina zatambasula miyendo ngati buluzi ukamuonera pamwamba, za kuchinamwali zimenezo, zina ndi zilombo za Nyau monga kasiyamaliro.

Tsono nkhani ili apa. Utoto wofiira uja unalowerera m'mwala kalekale, ndi wolimbako. Woyerawu ndi dothi chabe lopaka ndi chala, langokhala pamwamba ngati laimu wa pakhoma, ndiye inu mukathira madzi limafewa nkuyamba kusuluka, komanso madziwo amasungunula mchere wa m'mwalamo, akauma mcherewo umatulukira kunja nkutukula utoto pang'onopang'ono, inu mwapita kale chithunzi chili pa Facebook. Kugwira ndi dzanja nchimodzimodzi, thukuta ndi mafuta zimatsalira pomwepo.

Ndinapezapo phanga lina wina atalemba dzina lake ndi makala pamwamba penipeni pa chilombo, chaka nchomwe. Zinandiwawa, koma chondiwawa kwambiri chinali pambali pake, pomwe munthu wina wamtima wabwino anayesa kufufuta ndi chisanza chonyowa. Makala anachoka inde, mwendo wa chilombo unapita nawo limodzi. Dzina la makala akatswiri amatha kulichotsa ndi kaburashi kofewa, pang'onopang'ono, tsiku lonse kachigawo ngati chikhatho. Mwendo uja ndiye palibe angaubwezere.

Kwinako ndi moto. Abusa a ng'ombe akabisala mvula m'phanga nkusonkha moto wootcha chimanga, mwaye umakuta khoma lonse bii. Ootcha makala nawonso akagwetsa mitengo ya pakhomo pa phanga, dzuwa ndi mvula ya mphepo zimayamba kumenya mwala womwe unali pamthunzi zaka zonsezi.

Mukapeza pena polembedwa, pasiyeni momwemo, jambulani ndi foniyo mukaonetse amfumu kapena olondera malowo.