Sineya yopanda baji: unikani m'kati musanaipake penti

Ng'oma zambiri za sineya (ng'oma ya bandi yokhala ndi mawaya pansi pake) zimene zili m'zipinda zosungira katundu za matchalitchi ndi masukulu akale muno mu Lilongwe zinataya baji kalekale. Baji ndi kachitsulo kokhala ndi dzina la kampani, ndipo nthawi zambiri kamakhala pa kabowo kotulutsira mpweya. Kakagwa, aliyense amangotchula dzina limene walikonda. Komatu umboni wa kampani imene inaipanga umakhalapo, bola mwini wake asafulumire kupala ng'omayo ndi sandipepa.

Yambani ndi tochi ya foni. Unikani pa kabowo kaja n'kusuzumira. Makampani a ku America a Gretsch ndi Rogers ankamata kapepala m'kati, pomwe ina ya komweko, Ludwig, m'zaka za m'ma 1960 ankadinda deti ndi inki pa thabwa. Onaninso kunja, pamene panali baji. Dzuwa limasuwitsa malo ena onse koma pansi pa baji pamatsala chithunzi chake. Chikakhala chozungulira, ganizirani Gretsch yakale.

Kenako chotsani chikopa chapamwamba. Masulani mabawuti okungira chikopa theka la kuzungulira, awiriawiri oyang'anizana, kuti mkombero usapindike. Tsopano yang'anitsitsani m'mphepete mwa thupi la ng'oma ndi kuwerenga timatabwa tomatidwa pamodzi, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni. Sineya ya Radio King ya kampani ya Slingerland ndi thabwa limodzi la mtengo wa maple lopindidwa ndi nthunzi, lokhala ndi mphete zolimbitsira pamwamba ndi pansi. Ludwig ya m'ma 1960 ili ndi timatabwa titatu, mphete zolimbitsira, ndipo zambiri zinapakidwa penti yoyera m'kati. Gretsch ya nthawi yomweyo ili ndi timatabwa 6, ilibe mphete, m'kati munapakidwa penti yooneka ngati siliva. Mukapeza thabwa lofiirira, lopepuka, lofewa moti chikhadabo chikusiya chizindikiro, mizere yake yoima chilili m'malo mozungulira, umenewo ndi mtengo wotchedwa luan. Ng'oma zotere zinkapangidwa zambirimbiri ku Japan ndi makampani monga Pearl ndi Hoshino, n'kumagulitsidwa ndi mayina a ogulitsa ena. Si zachabe ayi, zina zimalira bwino zedi, koma munthu asakugulitseni pa mtengo wa Ludwig.

Thupi likakhala lachitsulo, tengani maginito. Akamata, ndi chitsulo wamba. Akapanda kumata ndi mkuwa kapena aluminiyamu, ndipo mkuwa umalemera kwambiri m'manja. Sineya ya Ludwig yotchedwa Supraphonic ya aluminiyamu imadziwika ndi timatuza ndi kusupuka kwa chromu, chitsulo chonyezimira chokutira kunja kwake.

Mitu ya mabawuti imathandizanso. Ya ku America imakhala ya makona anayi. Premier ya ku England, imene inayamba mu 1922, komanso Sonor ya ku Germany, kwa zaka zambiri ankagwiritsa ntchito mabawuti a mutu wokhala ndi mpata ngati wa sikuludiraiva. Popeza dziko lino linali pansi pa Britain mpaka 1964, sineya ya bandi yoguba ya mabawuti otere muyambe mwaiganizira kuti ndi Premier kapena Olympic, mtundu wake wotsika mtengo. Ikakhala yokungidwa ndi zingwe, fufuzani kamuvi kodindidwa pa thabwa, chizindikiro cha katundu wa boma la Britain.

Apa ndi pamene ambiri amasokera: amaona bawuti kapena kachitsulo kokokera mawaya n'kugamula pomwepo. Zinthu zimenezi zimasinthidwa. Sineya imene yaguba zaka 50 imakhala itadutsa m'manja mwa amisiri ambiri, aliyense n'kumangirirapo chimene anapeza. Mabowo ndi amene sanama. Masulani chitsulo chimodzi chogwira mabawuti, muyeze kutalikirana kwa mabowo ake mu mamilimita kuchokera pakati mpaka pakati, ndipo mufunefune mabowo otsala opanda ntchito kapena otsekedwa ndi pate. Amenewo akusonyeza pamene panali zitsulo zoyambirira, ndipo muyeso wake ndi umene muyerekeze ndi makatalogu akale a pa intaneti. Musagamule pokhapokha thabwa, mabowo ndi zitsulo zikagwirizana.

Pobwezeretsa, bawuti ikakana musaikakamize, chifukwa mazinga a inchi ndi a mamilimita salowana ndipo mudzapha nati yosowa. Dzimbiri la nyengo ya mvula lichotseni ndi kansalu ndi mafuta ochepa, osati waya wotsukira mapoto. M'kati mwa thabwa musathiremo madzi kapena vanishi, chifukwa inki ya deti ija ikhoza kufufutika.