Makina a kufiziyo saumitsa mitsempha

Pali mphekesera yakuti makina amagetsi amene amaika pamsana kapena pabondo kufiziyo amaumitsa mitsempha, ndipo ena akuti amayambitsa khansa. Zimenezi n'zabodza.

Kachipangizo kotchedwa TENS kambiri kamayendera batire ya mavoti 9, pomwe magetsi a m'nyumba ndi mavoti 230. Amamata timapepala tiwiri kapena tinayi pakhungu, kenako n'kumakweza mphamvu pang'onopang'ono mpaka mutamva kunyerenyesa ngati nyerere zikuyenda. Kunyerenyesako kumasokoneza uthenga wa ululu wopita ku ubongo. Zikakupwetekani, nenani, achepetsa.

Makina ena otchedwa ultrasound salowetsa n'komwe magetsi m'thupi. Amatulutsa mafunde a phokoso lomwe khutu silingamve, osati cheza cha X-ray. Amapaka jelo wozizira n'kumazunguliza kamutu ka makinawo kwa mphindi 5 mpaka 10, kuti minofu yamkati ifunde.

Chenjezo lenileni lilipo: makinawa saikidwa pamimba ya mayi woyembekezera, pachotupa cha khansa, kapena kwa munthu wokhala ndi pacemaker (kachipangizo koikidwa m'chifuwa kothandiza mtima kugunda bwino). Komanso tisawatame mopitirira. Paokha sachiza sitiroko, ndipo amene amathawa masewera olimbitsa thupi n'kumangofuna makina amachedwa kuyambanso kuyenda.